Kashiamu wa m'Magazi ndi Matenda Aakulu a m'Mapapo

Tisanayambe phunziro lathu la lero, ndikupempha aphunzitsi kuti atenge kachidutswa ka choko ndi kukakweza m'mwamba kuti aliyense akaone. Tsono mwana aliyense agogode dzino lake lakutsogolo ndi chikhadabo. Choko chimene mwaonacho ndi dzino limene mwagogodalo zili pachibale, pakuti zonse ziŵiri zili ndi mchere umodzi wotchedwa kashiamu. Ife okhala mu Lusaka timaponda kashiamu tsiku ndi tsiku osadziŵa, chifukwa mbali yaikulu ya mzinda wathu inamangidwa pa thanthwe la njereza. Miyala yotuŵa imene amayi ena amaphwanya m'mphepete mwa misewu, simenti ya ku Chilanga, ndi zoyera zija zimene zimakakamira m'kati mwa ketulo mukamaŵiritsa madzi a m'chitsime chakuya ku Chelstone kapena ku Woodlands: monsemo muli kashiamu.

Ambiri a inu munamva kale kuti kashiamu amalimbitsa mafupa ndi mano. Zimenezo n'zoona ndithu. Koma lero tikamba za kashiamu wochepa zedi amene amayenda m'magazi, ndi za chinthu chimene madokotala anazindikira pamene mliri wa COVID-19 unadzaza zipatala za m'mayiko ambiri, kuphatikizapo zathu za muno mu Lusaka. Iwo anaona kuti odwala amene kashiamu wa m'magazi awo anali wotsika ndiwo amene kaŵirikaŵiri matenda ankawakulira. M'kati mwa nkhani imeneyi muli msampha, ndipo ndifuna kuti tiuone pamodzi tisanakodwemo.

Munthu wamkulu ali ndi kashiamu wolemera pafupifupi kilogalamu imodzi m'thupi mwake, kulemera kwa paketi ya shuga. Mwa magawo 100 a kashiamu ameneyu, magawo 99 ali m'mafupa ndi m'mano. Gawo limodzi lotsalalo lamwazikana m'magazi, m'minofu ndi m'ziŵalo zina. Kashiamu yense wa m'magazi, mutamsonkhanitsa pamodzi, sangafike ngakhale galamu imodzi. Angakwane pansonga ya supuni ya tiyi. Komatu moyo umadalira kakang'onoko mphindi iliyonse. Mukafuna kukweza dzanja kuti muyankhe funso, uthenga umachoka mu ubongo, nudutsa m'mitsempha, nufika m'minofu, ndipo mnofu sungathe kukoka popanda kashiamu. Mukadzicheka ndi lumo posongola pensulo, magazi amaundana natseka bala. Kuundanako kumafunanso kashiamu. Ndipo mtima nawo ndi mnofu, mnofu umene suloledwa kupuma usana kapena usiku.

Amene anaonetsa poyera kuti mtima umafuna kashiamu ndi dokotala wa ku London, dzina lake Sydney Ringer, m'chaka cha 1883, ndipo anazipeza mwangozi. Iye ankachotsa mtima wa chule nauika m'madzi a mchere, ndipo mtimawo unkapitirira kugunda kwa maola ambiri. Pambuyo pake anatulukira kuti womthandiza wake sankagwiritsa ntchito madzi otchezedwa, opanda kanthu kalikonse m'kati mwake, monga anayenera kuchitira, koma ankangotunga madzi a pampopi. Ringer atabwereza ntchitoyo ndi madzi otchezedwa, mtima wa chule unafooka msanga nuima. Atathiramo kashiamu pang'ono, unayambanso kugunda. Madzi a pampopi a ku London anali ndi kashiamu, monga alili madzi ambiri a mumzinda wathu uno. Mpaka lero, ena mwa matumba a madzi a diripi amene amapachikidwa pambali pa bedi la wodwala alembedwa dzina la Ringer. Sindikunena kuti kusamvera malangizo n'kwabwino, ana inu. Womthandizayo anangochita mwayi.

Popeza kashiamu wa m'magazi ngwofunika chotere, thupi silimlola kukwera ndi kutsika mmene afunira. Magazi a munthu wathanzi akayezedwa, kashiamu amapezeka ali pakati pa 2.2 ndi 2.6 pa muyeso umene madokotala amautcha mamilimolo pa lita. Dzina la muyesowo lisakuvuteni. Chimene muyenera kuona n'chakuti mpata wa pakati pa manambala aŵiriwo ngwochepa kwambiri. Alonda osunga malire ameneŵa ndi tiziŵalo tinayi, kalikonse kukula kwake ngati njere ya mpunga, tobisala m'khosi kuseri kwa chithokomiro. Dzina lake ndi parathyroid. Kashiamu akangoyamba kutsika, tiziŵalo timeneti timatuma mthenga wotchedwa homoni. Mthengayo amauza mafupa kuti, "Tibwerekeni kashiamu pang'ono." Amauza impso kuti, "Musamtaye pamodzi ndi mkodzo." Amauzanso impsozo kuti zidzutse vitamini D, amene ntchito yake ndi kuthandiza matumbo kuyamwa kashiamu wa m'chakudya. Vitamini D ameneyu amapangidwa pakhungu lathu likaombedwa ndi dzuŵa, nakonzedwa m'chiŵindi, namalizidwa mu impso. Tiziŵalo ta m'khosi tija nato sitigwira bwino ntchito ngati thupi lasoŵa mchere wina wotchedwa magineziyamu.

Inu amene munapitako kumudzi, taganizani motere. Mafupa ndiwo nkhokwe, magazi ndiwo kadengu ka chimanga kamene kali m'nyumba. Mayi wanzeru salola kadenguko kukhala kopanda kanthu. Kakayamba kuchepa amakatapa kunkhokwe. Chifukwa cha ichi, munthu angathe kudya chakudya chosoŵa kashiamu kwa zaka zambiri, magazi ake n'kumaonekabe abwino, pomwe mafupa ake akupepuka mwakachetechete. Gwirani mfundo imeneyi, pakuti phunziro lonse lakhazikika pa iyo. Dokotala akapeza kuti kashiamu wa m'magazi a wodwala watsika, saganiza kuti wodwalayo sanamwe mkaka dzulo. Amadziŵa kuti alonda aja alemedwa, ndi kuti pali chinthu chachikulu chimene chawalepheretsa ntchito.

Pali chinanso. Kashiamu wa m'magazi sayenda yense mofanana. Pafupifupi theka lake limakwera pa puloteni yotchedwa albumin, monga anthu okhala m'minibasi, ndipo theka lina limayenda wapansi. Okwerawo sagwira ntchito ali m'galimoto. Amene amagunditsa mtima ndi kukoka minofu ndi woyenda pansiyo, ndipo tidzakumana nayenso patsogolopa.

Tsopano tibwere kunthaŵi ya mliri. Ambiri a inu ana munali aang'ono kwambiri, koma aphunzitsi anu akukumbukira bwino lomwe. Pa 18 Marichi 2020, nduna ya zaumoyo ya nthaŵi imeneyo, Dr Chitalu Chilufya, inalengeza kuti anthu aŵiri oyamba apezeka ndi kachilombo ka korona m'Zambia. Anali mwamuna ndi mkazi wake amene anali atangobwera kuchokera ku France. Patapita masiku aŵiri sukulu zonse zinatsekedwa, ndipo pa 2 Epulo kunalengezedwa imfa yoyamba. Chipatala cha Levy Mwanawasa, chimene mumachiona mukamayenda mu Great East Road kupita ku Chelstone, chinasanduka malo aakulu ogonekerako odwala matendaŵa. Koma si onse anafika kumeneko. Ofufuza ena, motsogozedwa ndi Dr Lawrence Mwananyanda, anayeza matupi a anthu 364 amene anabweretsedwa kunyumba yachisoni ya pachipatala cha UTH pakati pa Juni ndi Seputembala 2020. Mwa iwo, 70 anapezeka ndi kachilomboko, ndipo 51 mwa 70 amenewo anafera kunja kwa chipatala asanayezedwepo konse.

Katemera anayamba kuperekedwa pa 14 Epulo 2021, koma miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye chaka chomwecho inali yoŵaŵa koposa. Zipinda za odwala zinadzaza, mpweya wa okosijeni unkapereŵera, ndipo sukulu zinatsekedwanso. Anthu olembedwa m'mabuku a boma kuti anamwalira ndi matendaŵa m'Zambia anaposa 4,000. Chimene chinkapha ambiri ndi chibayo. Kachilombo kakaloŵa m'mphuno n'kutsikira m'mapapo, timatumba ta mpweya ta m'mapapomo timatupa ndi kudzala madzi, kotero kuti okosijeni amalephera kuwolokera m'magazi. Chimfine chachikulu chimene chimatiyendera nyengo yozizira chingachitenso zomwezo, makamaka kwa makanda ndi okalamba.

Mliriwo usanatifike unali utasautsa kale anthu a ku China ndi ku Italy, ndipo madokotala a kumeneko ndiwo anayamba kuŵerengera zimene ankapeza m'magazi a odwala. Pachipatala cha San Raffaele mumzinda wa Milan anayeza odwala 531 m'chaka cha 2020, napeza kuti pafupifupi 8 mwa 10 alionse anali ndi kashiamu wotsika pa tsiku limene anafika. Odwala a kashiamu wotsikawo ndiwo amene kaŵirikaŵiri ankafunika kugonekedwa m'malo mobwerera kwawo. Ku China anayeza odwala 241, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi alionse anali ndi kashiamu wotsika. Amene anatsika kwambiri, kufika pa 2.0 kapena kuchepera apo, ndiwo amene ziŵalo zawo zinkalephera zingapo nthaŵi imodzi, ndipo imfa zinachuluka pakati pawo. Madokotala achikulire sanadabwe kwenikweni. M'chaka cha 2003, pamene matenda a SARS, amene ndi mbale wake wa COVID-19, anabuka mumzinda wa Toronto ku Canada, odwala 6 mwa 10 alionse pa gulu la anthu 144 anafika kuchipatala ndi kashiamu wotsika. Thupi la munthu wa ku Milan ndi la munthu wa ku Kabwata limayenda ndi malamulo amodzimodzi, chotero phunziro limeneli ndi lathunso.

Nanga n'chiyani chimagonjetsa alonda aja? Tiyerekeze kuti ku Kabwata kuli agogo aamuna a zaka 70 amene akhala ndi matenda a shuga kwa nthaŵi yaitali. Adwala chimfine chachikulu. Sabata lonse sakudya, angolaŵa tiyi basi. Pamenepo kashiamu watsopano sakuloŵa. Masiku aŵiri atsegula m'mimba, ndipo magineziyamu watayika, kotero kuti tiziŵalo ta m'khosi tayamba kugona pantchito. Kwa miyezi yambiri akhala akubindikira m'nyumba, choncho vitamini D wawo anali wochepa kale. Impso zawo, zimene shuga anazifooketsa, zikuvutika kudzutsa vitamini D wochepayo ndi kusunga kashiamu. Pamwamba pa zonsezi, thupi lili pankhondo. Asilikali a m'magazi akamalimbana ndi kachilombo amatulutsa mankhwala amphamvu oitanira anzawo, ndipo nkhondo ikakula mopitirira, mankhwala omwewo amasokoneza tiziŵalo ta m'khosi, nachititsanso chiŵindi kupanga albumin wochepa.

Kenaka pali kupuma. Agogo athu akupuma mofulumira chifukwa mapapo awo sakukwanitsa. Kupuma kotere kumatulutsa mpweya woipa wochuluka kuposa muyeso, ndipo magazi amasintha pang'ono. Akasintha motero, kashiamu woyenda pansi uja amayamba kukwera m'minibasi ya albumin, ndipo wogwira ntchito amachepa. Ena a inu munazimvapo zimenezi m'thupi mwanu. Mwana akalira kwambiri n'kumapuma mobanika kwa kanthaŵi, milomo ndi nsonga za zala zimachita dzanzi. Akakhazika mtima pansi dzanzilo limatha lokha. Kwa wodwala chibayo silitha msanga, chifukwa iye sangathe kulamula kapumidwe kake.

Mwaona kuti si chinthu chimodzi chimene chatsitsa kashiamu wa agogo. Ndi zinthu zambiri zimene zagwa pamodzi, ndipo chilichonse mwa izo ndi umboni wakuti thupi lapanikizika.

Kashiamu akatsika kwambiri, zizindikiro zina zimaoneka: dzanzi kuzungulira pakamwa, kukokana kwa minofu ya m'miyendo ndi m'manja, kusokonezeka maganizo, mwinanso kugwa ndi kunjenjemera ngati wakhunyu. Namwino akamanga lamba woyezera kuthamanga kwa magazi pamkono wa wodwala wotere n'kulipopa kwa mphindi zitatu, zala zimapindika zokha n'kuuma. Chizindikiro chimenechi chimatchulidwa ndi dzina la Armand Trousseau, dokotala wa ku France amene anachifotokoza m'zaka za m'ma 1800. Choopsa kuposa zonse n'chakuti mtima ungayambe kugunda mosalongosoka. Koma odwala ambiri alibe chizindikiro chilichonse chooneka ndi maso. Chimene chimaulula ndi magazi okha akayezedwa, ndipo magazi sayezedwa pakhonde la kunyumba.

Tafika tsono pamsampha uja. Munthu wofulumira akamva zonsezi anena kuti, "Basi, ndamvetsa. Kashiamu wotsika ndiye amapha odwala. Tiyeni tigule mapiritsi a kashiamu, timwetse agogo, achira." Aphunzitsi, imani pano pang'ono ndi kufunsa ana ngati munthuyo waganiza bwino.

Yankho lake nali. Zinthu ziŵiri zikamapezeka pamodzi, sindiye kuti china chabala chinzake. Kutsogolo kwa woyendetsa minibasi kuli kanyali kofiira kamene kamayaka injini ikatentha mopitirira. Minibasi zimene kanyali kake kayaka ndizo zimafera panjira kaŵirikaŵiri, koma si kanyaliko kamene kamazipha. Woyendetsa amene angamate kanyaliko ndi pulasitala n'kupitiriza ulendo sadzafika ku Kabulonga. Wanzeru amaima, natsegula kutsogolo, nafunafuna chimene chatentha. Nthaŵi zambiri kashiamu wotsika ali ngati kanyali kameneko. Amauza dokotala kuti, "Wodwala uyu musambweze kunyumba, muyang'anireni pafupi, pakuti matenda ake angakule." Fanizo langali lili ndi malire ake, ndipo ndiyenera kuwatchula. Kanyali ka galimoto sikangawononge injini, koma kashiamu akatsikitsitsa angathe kuvulaza mtima payekha. N'chifukwa chake dokotala amachita zonse ziŵiri: amachiza matenda amene atsitsa kashiamu, ndipo kutsikako kukafika poopsa amambwezeranso m'magazi.

Kodi asayansi amadziŵa bwanji ngati mankhwala akuthandizadi? Amayesa mwachilungamo. Mumzinda wa São Paulo ku Brazil anatenga odwala COVID-19 okwana 240 amene anali atagonekedwa, nawagaŵa pagulu ziŵiri mwamaere. Gulu loyamba linapatsidwa vitamini D wambiri kamodzi. Gulu lachiŵiri linapatsidwa mankhwala ooneka chimodzimodzi koma opanda mphamvu iliyonse, ndipo odwalawo sanadziŵe gulu limene analimo. Zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2021. Vitamini D anakweradi m'magazi a gulu loyamba, koma magulu onse aŵiri anakhala m'chipatala masiku ofanana, pafupifupi 7. Nambala ya m'magazi inakonzeka, matenda sanafupike. Ndimakumbukira zimenezi nthaŵi zonse ndikamva munthu akutamanda mapiritsi kapena masamba ena kuti amachiza chilichonse. M'masiku a mliri ambiri a ife tinkadzifukiza ndi nthunzi ya masamba a bulugamu. Nthunzi ingatsegule mphuno, koma singaloŵetse okosijeni m'mapapo odzala madzi, ndipo choipa chake chinali chakuti ena ankachedwa nayo kunyumba.

Kuchipatala, chithandizo chachikulu cha wodwala wotere ndi okosijeni. Ena amagonekedwa chafufumimba kuti mapapo atseguke bwino. Mu Juni 2020 ofufuza a ku Oxford ku England analengeza kuti mankhwala akale ndi otsika mtengo otchedwa dexamethasone, amene amaziziritsa nkhondo yopitirira muyeso ija, anapulumutsa pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amene akanamwalira pakati pa odwala opuma ndi makina. Umenewo unali muyeso wachilungamo umene unatuluka ndi yankho lakuti inde. Za kashiamu, dokotala amayamba wayang'ana albumin, magineziyamu ndi impso, kuti adziŵe ngati wogwira ntchito uja watsikadi ndi chimene chamtsitsa. Ngati pafunika kumbwezera msanga, amamloŵetsa mumtsempha pang'onopang'ono kwinaku akuyang'anira mtima, pakuti kashiamu wothiridwa mofulumira angausokoneze mtima womwewo. Kashiamu wochuluka mopitirira nayenso ndi mdani: amaumitsa m'mimba, amapanga timiyala mu impso, ndipo amasokoneza mutu. Chotero mapiritsi a kashiamu si maswiti ogula pamsika n'kumwetsa wodwala popanda mawu a dokotala.

Nanga ife amene si madokotala tingachitenji? Choyamba n'kudzaza nkhokwe nthaŵi ikalipo, ndipo nthaŵi yake ndi ino imene muli ana, chifukwa mafupa amaunjika kashiamu wambiri munthu akamakula. Nsima ya chimanga imatipatsa mphamvu, koma kashiamu ilibe wokwanira. Iye amabwera ndi ndiwo. Akatswiri a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi anzawo a FAO amati wachinyamata wa zaka 10 mpaka 18 amafunika mamiligalamu 1,300 a kashiamu pa tsiku. Kapu imodzi ya mkaka ili ndi pafupifupi mamiligalamu 300. Ana a Giredi 6 ndi 7, ŵerengerani makapu amene angafunike. Mwapeza kuti ndi oposa anayi, ndipo tonse tikudziŵa kuti ndi mabanja ochepa amene angagulire mwana aliyense mkaka wochuluka chotero tsiku lililonse. Musataye mtima. Pamsika wa Soweto, ngakhale patimisika ta ku Kabwata ndi ku Chelstone, pali kapenta wa ku Siavonga ndi ku Mpulungu. Ubwino wa kapenta ngwakuti timamdya ndi mafupa ake omwe, ndipo kashiamu ali m'mafupamo. Ena amamnyoza kuti ndi ndiwo ya kumapeto kwa mwezi. Ine ndimati pankhani ya kashiamu kapenta amaposa nyama ya ng'ombe kutalitali. Bondwe, chibwabwa, repu, nyemba, soya, mkaka wowawasa, phala la maŵere ndi ufa wa malambe, zonsezi zimaponya kanthu m'nkhokwe.

Dzuŵa nalo ndi laulere, koma si onse amalilandira. Mu 2020 ofufuza anasonkhanitsa zotsatira za m'mayiko ambiri a mu Africa napeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse ali ndi vitamini D wochepa, ndipo vutolo linali lalikulu m'mizinda kuposa m'midzi. Taganizirani munthu amene amatuluka pageti ku Kabulonga ali m'galimoto, naloŵa mu ofesi mu Cairo Road, natulukamo dzuŵa litapendeka. Taganiziraninso agogo amene miyendo ikuwavuta ndipo palibe wowatulutsira mpando panja. Dzuŵa lodzera pagalasi la windo silipanga vitamini D, ndipo khungu lakuda ngati lathuli limafuna nthaŵi yotalikirapo kuposa khungu loyera. Ntchito yotulutsa mpando wa agogo kuti aothere dzuŵa ndi yanu, ana inu, ndipo siilemera.

Ndisakunamizeni: kapenta ndi dzuŵa siziletsa kachilombo kuloŵa m'mphuno. Zimene zimatchinga ndi katemera, kusamba m'manja ndi sopo, kutsegula mawindo a m'kalasi ngakhale mu Juni, ndi kukhala kunyumba pamene mukutsokomola ndi kutentha thupi. Bungwe la WHO linalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti COVID-19 salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, koma kachilomboko sikanathe, ndipo chimfine ndi chibayo zinalipo kale iko kasanabwere. Choncho phunzirani zizindikiro zimene sizilola kudikira kuti kuche: kupuma mofulumira kapena movutikira, kulephera kumaliza chiganizo popanda kupumira, chifuŵa cha khanda kuloŵa m'kati likamakoka mpweya, milomo kutuŵa, kulephera kumwa, kusokonezeka mutu, ndi kukokana kwa manja. Mukaona chimodzi mwa zimenezi pa agogo, pa amayi kapena pa mng'ono wanu, musachite manyazi kudzutsa munthu wamkulu, ngakhale pakati pa usiku. Kiliniki ya ku Kabwata, ya ku Chelstone, kapena chipatala cha Chilenje kwa inu a ku Woodlands, ndiwo makomo oyamba, ndipo a kumeneko ndiwo amatumiza wodwala ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa akaona kuti pafunika kutero. Anthu 51 aja sanafike pamakomo ameneŵa nthaŵi ikalipo.

Aphunzitsi, nayi ntchito yoti muchite ndi ana sabata lino. Pezani mabotolo aŵiri agalasi okhala ndi zotsekera, viniga, chigoba cha dzira, ndi mafupa aŵiri a mwendo wa nkhuku otsukidwa bwino. Choyamba ponyani kachidutswa ka chigoba m'viniga, ndipo ana ayang'ane timathovu timene tikutuluka: viniga akusungunula kashiamu wa m'chigobamo. Kenaka ikani fupa limodzi m'botolo la viniga ndi linzake m'botolo la madzi wamba, kuti muyeso wanu ukhale wachilungamo ngati wa ku São Paulo uja. Tsekani mabotolo onse aŵiri, muwaike pamalo amodzi, ndipo musinthe viniga pakapita masiku atatu. Tsiku lililonse mwana mmodzi atulutse mafupawo, awatsuke, ayese kuwapinda pamaso pa anzake, ndipo asambe m'manja pambuyo pake. Aliyense alembe m'kope mwake tsiku limene fupa la m'viniga layamba kupindika ngati mphira, ndi mmene fupa la m'madzi lilili pa tsiku lomwelo.